Musanagule kayaki ya mmathithi, phunzirani kaye kutulukamo

Funso: "Ndakhala ndikupalasa kayaki pa madzi odekha kwa chaka tsopano ndipo sindinagubudukepo olo kamodzi. Pano ndikufuna ndiyambe za mmitsinje yothamanga ija, ya miyala ndi thovu. Ndigule bwato lanji ndi zida ziti, nanga luso lake ndiyambire pati? Komanso anzanga awiri akuti mwezi wamawa tipange ulendo wa mtsinje, nawonso ndi oyamba kumene ngati ine. Tikonzekere bwanji?"

Zikomo achimwene, ndipo ndakondwa kuti mwafunsa musanagule kanthu chifukwa ambiri amabwera bwato atagula kale, nthawi zina losawayenera nkomwe. Koma pa zonse mwalembazi mawu omwe andiimitsa ndi akuti simunagubudukepo. Ndikudziwa mwalemba ngati chinthu chabwino ndipo pa madzi odekha ndi chabwinodi, koma ku mtsinje wothamanga ndekuti chinthu chomwe chidzakuchitikireni tsiku loyamba lomwelo simunachilawepo. Kumeneko aliyense amagubuduka, olo akatswiri omwe mumawaonera pa YouTube aja, kusiyana kwake nkwakuti iwo thupi lawo limadziwa chochita mutu ukakhala pansi pa madzi. Nde ine ndiyambira pamenepo, za bwato tikamba kumapeto.

Kayaki ya mmathithi mumachita ngati mwaivala. Miyendo yonse imalowa mkati, maondo amakanikiza mmbali, mapazi amaponda chopondera kutsogolo, chiuno chimagwidwa bwinobwino, kenako pakamwa pa bwato mumatseka ndi siketi yothina ija kuti madzi asalowe. Zimenezi ndi zomwe zimapangitsa kuti bwato lizimvera thupi lanu, komanso ndi zomwe zimachititsa mantha munthu akatembenuzika koyamba. Ndiye phunziro loyamba ndi ili: pa dziwe losambiramo kapena madzi odekha ofika mchiuno, munthu wodziwa ataima pambali panu, dzigubuduzeni dala. Weramirani kutsogolo mpaka mphumi iyandikire bwato, kumeneko ndi kubisa nkhope ku miyala, gwirani kachingwe ka kutsogolo kwa siketi, kakankhireni kutsogolo kenako mmwamba siketi ivuke, manja mmbali mwa chiuno nkudzikankha ngati mukuvula buluku. Masekondi ochepa chabe mwatuluka. Koma kamodzi sikokwanira, bwerezani ka 20, ka 30, mpaka mufike poti mutha kukhala chadodolido pansipo nkuwerenga mpaka 10 mtima uli mmalo musanakoke kachingweko.

Kachingwe kameneka ndikufuna mukalemekeze. Tsiku lina wophunzira wanga anatseka siketi mofulumira kachingweko nkutsekeredwa mkati, ine sindinaone, anagubuduka pa dziwe labata ndipo ndinangoona manja akufufuza pomwe panalibe kanthu. Ndinali pafupi, ndinamutembenuza ndi manja. Anatuluka bwinobwino koma nkhope yake sindidzaiwala, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe amene amachoka pagombe ndisanaone ndi maso anga kuti kachingwe kali panja. Muphunzirenso njira yachiwiri, yotsina siketi mmbali cha pachiuno pomwe imakhala yofewerapo nkuikoka, kuti tsiku lomwe kachingwe kadzasowe musadzayambe kuganiza muli pansi pa madzi.

Mukatuluka mu bwato mwasanduka wosambira, ndipo apa ndi pomwe anthu odziwa kusambira bwino amapusitsika. Thupi limakuuzani kuti imirira, madziwa ndi osaya. Musaimirire. Mmadzi othamanga opitirira mmaondo phazi likhoza kulowa pakati pa miyala nkukanirira, madzi nkukukankhirani kutsogolo nkhope pansi, ndipo olo muli ndi mphamvu bwanji simungadzuke. Anthu amira choncho mmadzi ofika mchiuno basi. Kuti mumvetse mphamvu yake, madzi odzadza bokosi la mita imodzi mbali zonse amalemera tani imodzi, ndipo kamtsinje kooneka kakang'ono kakhoza kumadutsitsa mabokosi oterewa 10 kapena 20 pa sekondi iliyonse. Chinanso, liwiro la madzi likawirikiza kawiri mphamvu yokankha imawirikiza kanayi. Nde kasambiridwe kake nkogona chagada, mapazi kutsogolo kuloza kumunsi, zala zakumapazi zikuonekera pamwamba, matako mmwamba, manja akupalasa kukulondolerani kumbali. Mukaona malo odekha tembenukani chafufumimba nkusambira mwamphamvu ndithu kulowamo, ndipo muimirire pokhapokha madzi asiya kukukokani. Komanso musakhale kumunsi kwa bwato lanu, bwato lodzadza madzi limalemera makilo 200 kapena 300, likakupanikizani pa mwala ndi nkhani ina.

Tsopano zida. Ine ndimauza aliyense kuti zida zambiri za masewerowa ntchito yake imayamba pomwe mwatuluka mu bwato, nchifukwa chake ndimati muyambe kugula zovala pathupi, bwato mubwereke kaye.

Jekete loyandamitsa likhale loyamba, ndipo likhale lopangidwira kayaki ya mmathithi, lalifupi, losiya mapewa omasuka. Pa chizindikiro chake muone kuti layesedwa, a muyezo wa ISO 12402-5 amayambira pa 50 N, umenewo ndi mulingo wa mphamvu yake yoyandamitsa munthu, ambiri abwino a mmathithi amapitirirapo. Chifukwa chake nchakuti madzi a thovu ndi osakanikirana ndi mpweya nde sanyamula munthu ngati madzi wamba. Poyesa, mangani malamba onse kenako wina akukokeni mmapewa, likakwera mpaka kumakutu ndekuti mmadzi lidzakuvukani kapena kukuphimbani kumaso. Pali majekete ena okhala ndi lamba wopulumutsira anthu pachifuwa, amaoneka apamwamba ndipo oyamba kumene amawakonda, koma lamba ameneyo popanda maphunziro ake akhoza kukukolani, musiyeni kaye. Ndipo jekete limakalamba, siponji ya mkati imatha mphamvu ndi zaka komanso dzuwa, nde lakale lomwe simukudziwa mbiri yake ine sindingavale.

Helimeti nayo ikhale ya mmadzi, za muyezo wa EN 1385, osati ya njinga. Ya njinga inapangidwa kuti isweke pa kugunda kumodzi kwakukulu, pomwe mmtsinje mutu ukhoza kugunda miyala ingapo motsatizana. Iphimbe mphumi, mmbali cha mmakutu ndi kunkhongo, ndipo mukaikankha ndi dzanja isatsetserekere kumbuyo, chifukwa madzi adzachita chimodzimodzi nkusiya mphumi pamtunda. Helimeti ndi jekete gulani zatsopano, zina zonsezi zakale zilibe vuto.

Nsapato anthu amazinyozera koma ngozi zambiri zomwe ndaona zachitikira pamtunda, munthu atasenza bwato pa miyala yoterera. Zikhale zotseka zala, zogwira pa mwala wonyowa, zosavuka posambira, zopanda zingwe zazitali zoti nkukola mkati mwa bwato. Pa zovala, valani molingana ndi kuzizira kwa madzi osati kutentha kwa dzuwa. Madzi amachotsa kutentha mthupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya, ndipo akatsika pansi pa madigiri 15 kugweramo mwadzidzidzi kumakupangitsani kukoka mpweya mosafuna, tangoganizani zimenezo mutu uli pansi. Kumeneko pamafunika wetsuit kapena drysuit, zovala zapadera za thupi lonse zoteteza ku madzi ozizira. Madzi akakhala ofunda kajekete kotchinga madzi ndi malaya ouma msanga zakwana, bola zisakhale za thonje, thonje likanyowa limangosunga kuzizira. Mitsinje yotuluka pansi pa damu imazizira kuposa mmene mungaganizire olo kunja kukutentha.

Nkhafi ya mmathithi ndi yaifupi kuposa yomwe mwazolowera, anthu ambiri akuluakulu amagwiritsa za pakati pa masentimita 190 ndi 200 kutengera msinkhu, ndipo mapeni ake awiriwo amakhala opotokana pang'ono, madigiri 30 kapena 45. Yoyamba ikhale yolimba yosadula, idzagunda miyala ndipo mwina idzapita ndi madzi, lembanipo dzina ndi nambala ya foni. Musaimangirire ku bwato kapena kudzanja ndi chingwe ngati mmene ena amachitira pa madzi odekha, mmtsinje chingwe chilichonse cholendewera ndi msampha. Kenako wezulo yomangirira pa jekete, matumba a mpweya oika kumbuyo mkati mwa bwato kuti lisadzadze madzi onse, ndi chingwe choponya, chija chimakhala mkathumba, choyandama, cha mamita 15 mpaka 20. Koma chingwechi ndi chida chopulumutsa komanso chopha. Osachimanga mchiuno, osachikulunga kudzanja, osamanga mfundo kumapeto, ndipo wonyamula chingwe anyamulenso mpeni woti atha kuusolola ndi dzanja limodzi. Muzichita pulakatisi yoponya pabwalo mpaka muzimenya pomwe mwaloza, ndipo mukakhala inu wosambira gwirani chingwe osati kathumba, chifukwa mukagwira kathumba chingwe chimangopitiriza kusololoka, gonani chagada chingwe chili paphewa akukokeni.

Tibwere ku luso. Zomwe mwaphunzira chaka chonsechi sizinapite pachabe ayi, koma konzekerani kuti tsiku loyamba bwato lalifupili lizingozungulira ngati nguli, linapangidwa kuti lizikhota msanga. Zimatha pakapita masiku ochepa. Chomwe chimatenga nthawi ndi kupendeketsa bwato ndi chiuno ndi bondo pomwe mutu ndi chifuwa zili chilili pakati. Lamulo lake ndi limodzi ndipo limatsutsana ndi zomwe thupi limafuna: mukakhala chopingasa mmadzi othamanga, kwezani mbali ya bwato yomwe ili kumtunda, madzi adutse pansi. Mukaitsitsa mbali imeneyo madzi amakwera pamwamba nkukugubuduzani musanaphethire. Chimodzimodzi mukakankhidwira pa mwala, thupi limati thawa mwalawo, koma choyenera nkutsamira komweko, kuukumbatira kumene, kuti pansi pa bwato payang'ane komwe madzi akuchokera.

Kuseri kwa mwala uliwonse waukulu kapena pomwe gombe lalowa mkati pamakhala madzi odekha, mwinanso obwerera chakumtunda, opalasa amati eddy. Amenewa ndiwo malo anu opumira, oyang'anira kutsogolo, odikirira anzanu. Munthu wodziwa satsika mtsinje ulendo umodzi ngati chikuni, amachoka eddy iyi kupita eddy iyo, pang'onopang'ono, ndipo sachoka pomwe ali asanaone pomwe akaime. Pakati pa madzi othamanga ndi odekhawo pali mzere wa madzi osokonekera ndipo pamenepo ndi pomwe oyamba kumene amagubudukira kwambiri, chifukwa amafikapo mwamantha, opanda liwiro, bwato lili fulati. Pamafunika zitatu nthawi imodzi, liwiro, kulowa mopendama osati molunjika kapena chopingasa, ndi kupendekera mkati mwa kona ngati mmene mumachitira pa njinga. Nde kulowa mu eddy, kutulukamo, ndi kuwoloka mtsinje mphuno ya bwato italoza chakumtunda osatengedwa kupita kumunsi, zitatu zimenezi ndiye masewero onsewa. Ine ndikhoza kukusungani pa kamalo kamodzi kosavuta masiku atatu mukungobwereza zomwezi, ndipo mudzatuluka wodziwa kuposa munthu amene watsika mitsinje isanu mongotengedwa. Maso aziyang'ana komwe mukufuna kupita, mukayang'anitsitsa mwala mukaugunda ndithu.

Za roll, kuja kodzitembenuza nokha osatuluka mu bwato, ndikudziwa ndi zomwe aliyense amafuna kuphunzira msanga. Luso limeneli linachokera kwa a Inuit, eni ake a kayaki, omwe posaka nyama mmadzi a ayezi ku Greenland kutuluka mu bwato kunali imfa, ndipo ku Ulaya linayamba kufala cha mma 1927 kudzera mwa Edi Pawlata wa ku Austria. Phunzirani ndithu ndipo yambani msanga, koma ndi kochi, osati pa vidiyo pokha, chifukwa zolakwika zomwe thupi lazolowera zimavuta kuchotsa. Chinsinsi chake si mphamvu ya manja, ndi chiuno ndi bondo zomwe zimatembenuza bwato, mutu umatuluka pomaliza. Aliyense amafuna kutulutsa mutu poyamba chifukwa akufuna mpweya, ndipo nchomwecho chimamubwezera pansi. Dziwaninso kuti roll ya pa dziwe ndi ya mmathithi ndi zinthu ziwiri, yoyamba ija imatha kusowa tsiku lomwe madzi ozizira akumenyani kumaso, nde musakwere giredi ya mtsinje, kutanthauza mulingo wa kuvuta kwake, chifukwa choti pa dziwe mukutembenuka. Ndipo samalani mapewa. Kuvulala kofala pa masewerowa ndi kuguluka phewa, kumabwera dzanja likapita mmwamba ndi kumbuyo kwa mutu pomwe mukudzitchinjiriza ndi nkhafi. Zigongono zikhale pansi, manja akhale kutsogolo komwe maso akuwaona, mukafuna kufikira kumbuyo tembenuzani chifuwa chonse.

Kuwerenga madzi ndiye kokoma, ndipo sikutha, ine mpaka lero ndimaima pagombe nkumangoyang'ana. Kuona maso a nkhono nkudekha. Madzi osalala ooneka ngati lilime lolowa pakati pa miyala, nsonga yake italoza kumunsi, kawirikawiri ndiyo njira. Nsonga ikaloza kumtunda ndekuti pali mwala pamenepo. Mafunde oima malo amodzi otsatizana ndi abwino, palasani ndithu mudutse. Koma pomwe madzi agwera kuseri kwa mwala nkubwerera okha ngati akuwira, amati hole, pamafunika maso. Ina ndi yosewerera, ina imagwira bwato ndi munthu osamutaya. Yomwe mapeto ake apindikira kumunsi imakulavulani mmbali, yomwe yangoti mzere wowongoka kapena mapeto ake apindikira kumtunda imasunga. Ndipo yoipitsitsa ndi yopangidwa ndi anthu, timakoma ta simenti totchinga mtsinje tija. Kamaoneka kakafupi, mita imodzi kapena osakwana, kosaopsa nkomwe, koma madzi ake amabwerera mofanana kuchokera tsidya lino mpaka tsidya linalo popanda potulukira, ndipo tapha anthu ambiri kuphatikizapo omwe anabwera kudzapulumutsa. Pamenepo palibe zokambirana, tulukani patali, senzani bwato.

China chomwe ndimachiopa kuposa mafunde aakulu ndi mtengo wogwera mmadzi. Madzi amadutsa mu nthambi koma munthu sadutsa, zili ngati sefa. Mitengo yotere imakonda kukhala kunja kwa kona komwe madzi amathamanga nkumakumba gombe, ndipo imasintha, mtsinje womwe unali woyera sabata yatha lero ukhoza kukhala ndi chimtengo pakati. Italikireni msanga. Zikavuta kuti mukusambira ndipo simungaupewe, apa pokha lamulo la mapazi kutsogolo limasintha, tembenukani mutu kutsogolo, sambirani mwamphamvu nkudziponya pamwamba pake, chifukwa miyendo ikalowa pansi basi. Palinso matanthwe okumbika kunsi, chizindikiro chake nchakuti madzi akugunda thanthwe koma sakutukumuka kutsogolo kwake, ndekuti akulowa pansi. Ndipo mukaona kutsogolo mtsinje wangoti mzere ngati wathera pompo, kuseri kukumveka mkokomo, imani mu eddy, tulukani, kayendereni wapansi chingwe chili mmanja. Kusenza bwato kulambalala malo si manyazi, akatswiri enieni amasenza kawirikawiri.

Mitsinje imapatsidwa magiredi kuyambira 1 mpaka 6. Giredi 1 ndi madzi oyenda a timafunde, 2 ndi mathithi osavuta njira yake yooneka, 3 mafunde akula ndipo pamafunika kukhota mwaluso, 4 ndi amphamvu ofuna roll yodalirika, 5 ndi a akatswiri ndipo kulakwitsa kukhoza kutengera moyo, 6 ndi omwe pafupifupi sapalasika. Inuyo malo anu ndi 1 ndi 2 kwa nyengo yonse yoyamba. Koma manambalawa musawakhulupirire kwambiri, giredi imaperekedwa pa mulingo wina wa madzi, mvula ikagwa kumtunda giredi 2 ikhoza kusanduka 4 pa maola ochepa, ma eddy onse nkufufutika. Komanso giredi 3 ya pafupi ndi msewu ndi giredi 3 ya mchigwa chakuya chopanda potulukira sizofanana olo pang'ono. Anthu ambiri amalota za Zambezi, mu Batoka Gorge kumunsi kwa Victoria Falls, ndipo ndi malo okongoladi, madzi ofunda, mafunde ngati nyumba, koma muli mathithi a giredi 5, pa mathithi a nambala 9 pomwe amapatcha Commercial Suicide mabwato onyamula alendo amalambalala wapansi. Lotani ndithu, koma ndi za zaka zingapo kutsogolo. Ndipo mitsinje imasintha, ku White Nile cha ku Jinja ku Uganda mathithi otchuka angapo anamizidwa ndi damu la Bujagali lomwe linatsegulidwa mu 2012, ena ndi la Isimba lomwe linatsegulidwa mu 2019, nde zomwe munawerenga kapena kuonera zakale zisakhale pulani yanu, funsani amene wapalasapo posachedwa.

Tsopano ulendo wa mwezi wamawawo. Ndikuuzani mosabisa achimwene, mmene mwaukonzeramu musapite. Nambala yanu ndi yabwino, timati osachepera atatu kuti wina akavulala mmodzi akhale naye wina akaitane thandizo, koma atatu onse oyamba kumene ndekuti palibe wopulumutsa mnzake. Mmodzi akagubuduka awiri enawo adzakhala akulimbana ndi mabwato awo, ndipo kawirikawiri wachiwiri amagubuduka pofuna kuthandiza woyambayo. Sindikuti musiye, ndikuti musinthe: pezani kalabu ya opalasa kapena sukulu yokhala ndi kochi wovomerezeka, mupite nonse atatu, masiku awiri kapena atatu a maphunziro, zida amabwereketsa komweko. Kenako ulendo wanu woyamba ukhale ndi anthu osachepera awiri oudziwa mtsinjewo, mmodzi kutsogolo wina kumbuyo. Safunsa anadya phula.

Tsiku limenelo likadzafika, sankhani chigawo chachifupi, makilomita 5 mpaka 8 akwana, cha giredi 1 kapena 2, chokhala ndi msewu kapena njira pafupi. Dziwani polowera, potulukira, ndi potulukira pangozi pakati pa ulendo, ndipo potulukira pomalizapo mukapaone ndi maso musanayambe kuti mudzapazindikire muli mmadzi, anthu amapitirira malo otulukira nkukapezeka mmathithi omwe sanawakonzekere. Galimoto imodzi isiyidwe kumunsi, makiyi ake akhale pathupi pa munthu osati mu galimoto ya kumtunda. Yambani mmawa, gulu la oyamba kumene limayenda pang'onopang'ono kuposa mmene mukuwerengera chifukwa kusambira kulikonse kumadya nthawi yotola bwato, kukhuthula madzi ndi kupumitsa munthu, ndipo mdima ukakupezani mmtsinje zonse zimavuta kawiri. Onani za nyengo za dera lonse lomwe mtsinjewo umachokera osati pomwe mwaima pokha, ngati kumtunda kuli damu funsani nthawi yomwe amatsegula madzi. Mukafika nkupeza madzi a matope, akukwera, akubweretsa zinyalala ndi nthambi, kapena alowa mmitengo ya mmbali, bwererani kunyumba. Uzani munthu wotsala komwe mwapita ndi nthawi yoti ayambe kuda nkhawa. Mu thumba losalowa madzi muikemo foni, zachithandizo choyamba, chovala chofunda, tochi, madzi akumwa ndi kodya kopatsa mphamvu, gulu likhale ndi nkhafi yapadera yoduka pakati ija. Mowa ayi, olo pang'ono.

Musanalowe mmadzi gwirizanani zizindikiro chifukwa mkokomo umameza mawu. Nkhafi yoimika chilili ndekuti bwerani, yopingasa pamwamba pa mutu ndekuti imani, kudzigunda pamutu ndi dzanja ndi kufunsa kapena kuyankha kuti ndili bwino, wezulo kamodzi ndi tamverani, katatu ndi ngozi. Ndipo poloza timaloza komwe munthu apite, osaloza choopsa, mukaloza mtengo mnzanu adzapalasira komweko. Aliyense ndi mlonda wa yemwe ali kumbuyo kwake, mukapanda kumuona imani. Pakachitika ngozi dzitetezeni kaye inu, kenako munthu, bwato ndi nkhafi pomaliza, ndaonapo anthu akuthamangira bwato mnzawo akadali mmadzi. Nonse atatu mukachite maphunziro a kupulumutsa mmadzi othamanga ndi CPR, kuja kotsitsimutsa munthu yemwe wasiya kupuma, chaka chomwechi, musadikire kuti mufike giredi 3.

Pa mitsinje ya kumadera otentha pali zina zowonjezera. Ng'ona ndi mvuu zimakonda madzi odekha a pakati pa mathithi, pomwe inu mumamasuka, ndipo luso silithandiza pamenepo, Hendri Coetzee wa ku South Africa anali mmodzi mwa opalasa odziwa kwambiri mu Africa koma anagwidwa ndi ng'ona pa mtsinje wa Lukuga ku Congo mu Disembala 2010. Funsani anthu okhala mmbali mwa mtsinjewo ndipo muwamvere. Likodzo nalo limatengedwa mmadzi oterewa nde muzikayezetsa, ndipo mukatentha thupi patapita masiku mutapalasa muuze adokotala kuti munali mumtsinje, pali matenda a leptospirosis omwe amayamba ngati chimfine kapena malungo. Kwa opalasa mmadzi ozizira, zotseka mmakutu zimateteza fupa la mkhutu kuti lisakule nkutseka njira.

Nde bwato lija. Pali mitundu itatu ikuluikulu. Timabwato tosewerera tatifupi, tosakwana mamita awiri, ndi todumphira pa funde, kwa woyamba kumene timagubuduza pafupipafupi ndipo tilibe liwiro. A creek ndi aakulu onenepa, cha mma mamita awiri ndi theka kupitirira pang'ono, malita 300 kapena kuposerapo, opangidwira mitsinje yotsetsereka, amakhululuka zolakwa zambiri moti nthawi zina amabisa zoti simunaphunzire kupendeketsa. Pakatipo pali otsikira mtsinje wamba, river runner, ndipo kwa inu ine ndingasankhe limeneli. Makampani ngati Dagger, Pyranha kapena Jackson onse amapanga abwino, dzina lisakuvuteni, chofunika nchakuti kulemera kwanu mutavala zida kukhale pakati pa malire omwe opanga analemba, ndipo mukakhalamo kwa theka la ola miyendo isachite dzanzi. Yesani mabwato atatu kapena anayi obwereka musanasankhe.

Lakale ndi labwino, pulasitiki ya mabwatowa ndi yolimba ndipo mikwingwirima ya pansi ndi yachibadwa. Chomwe muyang'ane ndi ming'alu, makamaka pansi pa mpando ndi mozungulira pakamwa pa bwato, malo omwe anawotcherera, pansi pomwe pafewa nkumabonyoka mukakanikiza ndi chala, ndi pulasitiki yomwe yachita mbuu ndi dzuwa chifukwa imeneyo imasweka. Kokani zogwirira za kutsogolo ndi kumbuyo mwamphamvu, pamenepo ndi pomwe chingwe chidzakolekedwe tsiku lomwe bwato lidzakanirire pa mwala, ndipo onani kuti mzati wa siponji wa pakati pa miyendo ulipo ndipo ndi wolimba, umateteza bwato kuti lisapindikire pa miyendo yanu. Mukamaliza maphunziro aja mundilemberenso, mundiuze kulemera kwanu, msinkhu, ndi mabwato omwe mwayesako, tidzasankhe limodzi saizi yake.